Kucokera Pansi Kufika pa Benchi: Mbiri ya Amisiri Osema

M'mudzi uliwonse wa kwathu muli zinthu zosema. Muli mtondo ndi munsi. Muli mthiko, cipande, mpini wa khasu ndi ng'oma. Kunyanja ya Niassa ndi ku mtsinje wa Zambezi kuli mabwato. Zonsezi zinali mitengo, ndipo munthu wina anazisema ndi manja ake.

Mmisiri aliyense wosema amakumana ndi vuto limodzi: mtengo umathawa. Ukaumenya ndi sompho umagubuduka. Ukaukhoma ndi chizulo umaterereka. Manja ndi awiri okha, ndipo onse ali pa nchito. Dzanja lina lagwira citsulo, lina lagwira nyundo. Nanga mtengowo augwire ndani? Mitundu ya anthu inayankha funso limeneli m'njira zosiyana. Ena anakhala pansi naugwira ndi mapazi. Ena anapanga benchi. Ife m'Moçambique tili nazo njira zonse ziwiri, ndipo iliyonse ili ndi mbiri yake.

Makolo athu anali kusemera pansi

Kale dziko la kumpoto kwa Zambezi linali la Amaravi. Mfumu Undi anali ndi likulu lake ku Mano, m'cigawo cathu ca Tete. Amaravi anali ochuka pa nchito ya citsulo. Anali kukumba miyala ya citsulo, kuisungunula m'ng'anjo, ndi kusula makasu, nkhwangwa, mipeni ndi mikondo. Makasu ao anali kugulitsidwa kutali. Mpwitikizi wina, António Gamitto, anadutsa m'dziko limeneli mu 1831 pa ulendo wocokera ku Tete kupita kwa Kazembe, ndipo m'buku lake analemba za osula a Cimaravi ndi nchito yao.

Wosula anali mnzake wa wosema, pakuti popanda citsulo palibe kusema. Zida zinali zocepa: nkhwangwa yogwetsera mtengo, sompho, kasemasema ndi mpeni womalizira. Pofuna kukumba mkati mwa mtondo kapena mwa ng'oma, ena anali kuikamo makala a moto, kenaka n'kupala pamene papsa. Posalaza anali kukhula ndi mcenga kapena ndi masamba okhakhala.

Tiyeni tione bwino zinthu zimene makolo athu anali kusema. Mtondo ndi mtengo umodzi. Ng'oma ndi mtengo umodzi. Bwato, ngakhale lalikulu lonyamula anthu khumi, ndi mtengo umodzi. Palibe polumikiza, palibe msomali. Mmisiri anali kucotsa zosafunika mpaka cinthu cimene akufuna citatsala cokha. Mtengo wa bwato unali kusemedwa pomwe wagwera m'chire, ndipo kulemera kwake ndiko kunali kuugwira. Nchito ikatha mudzi wonse unali kubwera kudzakoka bwatolo ndi zingwe mpaka kumadzi. Cipika ca mtondo naco sicisuntha wamba. Zinthu zazing'ono, monga cipande kapena mtsamiro, mmisiri anali kuzisema atakhala pansi pa mthunzi. Anali kupana mtengo pakati pa maondo, kapena kuuponda ndi phazi, kapena kuutsamiza pa citsa.

Atsamunda anali kunena kuti munthu wakuda amagwira nchito pansi cifukwa ndi wotsalira. Limeneli linali bodza. Mtengo wozungulira ndi wolemera sufuna tebulo. Pansi sipagwedezeka, ndipo phazi limamva mtengo ukayamba kusuntha. Zigoba za Gule Wamkulu, zimene amazisema kudambwe kutali ndi maso a anthu, sizinafunepo benchi. Zoimbira zazikulu za Achopi a ku Zavala, zochedwa timbila, zimene amazisema ndi mtengo wa mwenje, nazonso ndi nchito ya pansi. Mu 2005 bungwe la UNESCO linalengeza kuti Gule Wamkulu ndi timbila ndi cuma ca anthu a dziko lonse lapansi.

Benchi ndi mwana wa thabwa

Benchi linabadwa kumene anthu anali kuceka mitengo kukhala matabwa. Thabwa ndi lopepuka ndi lopyapyala. Silingadzigwire lokha. Ndiponso thabwa limafuna kupalidwa ndi copalira cimene timati plaina, ndipo plaina amaikankha ndi manja awiri. Pamenepo pafunika malo osalala ndi olimba, okhala ndi cotsekereza kuti thabwa lisathawe.

Aroma, anthu akale a ku Italia, anali ndi plaina ndi benchi zaka pafupifupi 2,000 zapitazo. Mu caka ca 79 phiri la Vesuvius linaphulika nikwirira mzinda wa Herculaneum ndi phulusa. Pamene anthu anaufukula anapeza cithunzi pakhoma, coonetsa oceka thabwa pa benchi. Ku Saalburg, m'dziko la Germany, kumene kunali msasa wa asilikali a Ciroma, anapeza mabenchi enieni m'zitsime, atasungika m'matope. Benchi la Aroma linali lalifupi, lofika m'maondo. Linali thabwa limodzi lokhuthala, la miyendo yolowetsa m'mabowo. Pamwamba pake panali mabowo ena olowetsamo zikhomo. Mmisiri anali kulikwera monga munthu akwera bulu, ndipo thupi lake lomwe linali kuthandiza kugwira mtengo. Tikumbukire benchi limeneli, pakuti tidzalifuna kutsogoloku.

Patapita zaka mazana ambiri, akalipentala a ku Ulaya anakweza benchi kuti azigwira nchito ali ciimire. Analiika copanira cozungulitsa, cimene Apwitikizi amati torno. Cithunzi ca mu 1505 ca ku Nuremberg cimaonetsa kale benchi lokhala ndi zopanira zotere. Mu 1769 kalipentala wa ku Paris, André Roubo, anayamba kutulutsa mabuku ake a ukalipentala, ndipo benchi lolemera limene anajambulamo amisiri amalitsanzirabe mpaka lero. Benchi lalitali lotere ndilo linafika kwathu.

Benchi linali la mwini wake

M'mbali mwa nyanja ya mcere, monga ku Ibo ndi ku Ilha de Moçambique, amisiri anali kudziwa matabwa kuyambira kale. Anali kukhoma zombo za matanga ndi kusema zitseko zokongola. M'matauni a m'Zambezi, Sena ndi Tete, namonso munali akalipentala. Koma ku midzi ya kumtunda benchi linafika makamaka ndi mishoni.

M'zaka za m'ma 1880 ansembe a Cijezuiti anamanga mishoni ya Boroma, kumtunda kwa Tete. Kumeneko kunali nyumba zophunzitsiramo ukalipentala, kusula ndi nchito zina za manja. Ca m'ma 1909 anatsegula mishoni ya Lifidzi ku Angónia. Kunyanja, Aanglikani anakhazikika pa cisumbu ca Likoma mu 1885, ndipo anafalikira ku gombe lathu, ku Cóbuè ndi ku Messumba. Mu 1903 anayamba kumanga chalichi cacikulu ca Likoma. Nyumba zotere zinali kufuna zitseko, mazenera, mipando ndi mitanda ya denga. Anyamata ambiri a Cinyanja anaphunzira kuceka matabwa pa dzenje, wina pamwamba wina pansi, maceka ali pakati. Anaphunzira kupala, kuyeza ndi kulumikiza.

Luso limeneli linali labwino, ndipo sitilinyoza. Zitseko za nyumba zathu ndi madesiki a ana athu zinacokera kumeneko. Koma tifunse: benchilo linali la yani? Linali la mishoni, la kampani kapena la mzungu wa sitolo. Plaina, maceka ndi torno zinali kucokera ku Ulaya, ndipo mtengo wake unali woposa mphamvu ya mlimi. Mnyamata akamaliza maphunziro anali ndi luso m'manja, koma zida zinali kutsala kwa eni ake. Kuti adye anayenera kubwerera ku benchi la munthu wina. Kalipentala wakuda anali kulandira zocepa kuposa mzungu pa nchito imodzimodzi. Ambiri anaoloka malire kukafuna malipiro abwino ku Nyasaland, ku Rhodesia ndi ku Joni.

Wosema wa m'mudzi naye sanasiyidwe pa mtendere. Lamulo la nchito la mu 1899 linati mwamuna aliyense wakuda ayenera kugwira nchito, ndipo boma la atsamunda ndilo linali kusankha cimene cikuchedwa nchito. Kusema mtondo wa mudzi sikunali kuwerengedwa. Wolephera msonkho anali kutengedwa ku cibalo. Kuyambira 1938 anthu anakakamizidwa kulima thonje. Munthu amene wakhala miyezi 6 pa cibalo ca mseu sasema bwato.

Amakonde ndi phingo

Tsopano tipite kumpoto, ku cigawo ca Cabo Delgado, kumene kuli abale athu Amakonde pa phiri lathyathyathya la Mueda. Mbiri yao itiphunzitsa kanthu kena, pakuti osema ochuka kwambiri a dziko lathu anacokera kumeneko.

Amakonde ali ndi nthano yakuti munthu woyamba anasema ciboliboli ca mkazi, ndipo kutaca ciboliboli cija cinali ndi moyo. Kuyambira kale iwo amasema zigoba za gule wao wa mapiko. Cigoba cimodzi amati lipiko. Amacisema ndi mtengo wopepuka, cifukwa wovina amacivala kumutu konse monga cisoti.

Dziko la Amakonde linali m'manja mwa Companhia do Niassa, kampani yomweyo imene inalamulira gombe lathu la nyanja mpaka 1929. Koma asilikali a Apwitikizi analowa pa phiri la Mueda mocedwa, ca m'ma 1917. Mu 1924 ansembe a Montfort anatsegula mishoni ya Nangololo. Azungu ataona luso la osema anayamba kuitanitsa ziboliboli: Yesu pa mtanda, Maria, ndiponso mitu ya akuluakulu a ku Portugal monga Camões ndi Salazar. Osema anaona kuti ciboliboli cimabweretsa ndalama ya msonkho, ndipo ndalama ya msonkho imapulumutsa munthu ku cibalo.

Ogulawo anali kukonda mtengo wakuda. Amakonde ndi Aswahili amati mpingo, Apwitikizi amati pau-preto, ife timati phingo. Timaudziwa, pakuti umamera ndi kuno komwe m'malo ouma. Kunja kwake ndi koyera, mtima wake ndi wakuda bii. Ndi wolimba kwambiri, ndipo ndi wolemera mwakuti umamira m'madzi. Umabunthitsa citsulo msanga. Wosema phingo amakhala ndi mwala wonolera pambali tsiku lonse.

Amakonde ambiri anathawa cibalo naoloka Rovuma kupita ku Tanganyika, kukagwira nchito m'minda ya khonje. Ena mwa iwo anafika ku Dar es Salaam, kumene wamalonda wina, Mohamed Peera, anali kugula zosema. Kumeneko ca m'ma 1959 mmisiri Samaki Likankoa anayamba kusema mizimu ya m'nthano za kwao, ya matupi opindikapindika ndi maso akuluakulu. Zosema zotere zimachedwa shetani. Mmisiri wina, Roberto Yakobo Sangwani, anayambitsa kusema anthu ambiri pa mtengo umodzi, wina pamwamba pa mnzake, onse atagwirana. Pambuyo pake zimenezi zinachedwa ujamaa, mau a Ciswahili onena za ubale. Lero ziboliboli za Amakonde zili m'nyumba zosungiramo zaluso m'maiko ambiri.

Nanga amisiri amenewa anali kugwirira pa ciani? Pansi. Anali kukhala pa mphasa kapena pa kacipika, pansi pa mtengo kapena pa cisakasa, phingo lili pakati pa miyendo. Anali kuyamba ndi sompho, kenaka chizulo ndi nyundo ya mtengo, kenaka tupa. Zitsulo zambiri anali kusulitsa kucokera ku zitsulo zakutha za galimoto. Cipika ca phingo ndi colemera, ndipo cimadzigwira cokha monga cipika ca mtondo.

Pa 16 Junho 1960 atsamunda anapha anthu ambiri ku Mueda, amene anasonkhana kudzapempha ufulu. Pa 25 Junho 1962 FRELIMO inakhazikitsidwa ku Dar es Salaam, ndipo pa 25 Setembro 1964 nkhondo yomenyera ufulu inayamba. M'madera omasulidwa a Cabo Delgado osema anagwirizana m'makoperativa. Ziboliboli zinali kusenzedwa pamutu, pamodzi ndi mtedza, citowe ndi makoroso, mpaka kutsidya la Rovuma. Zikagulitsidwa ku Tanzania, anthu anali kubwerera ndi mcere, nsalu, sopo ndi makasu. Osemawo anasiya mutu wa Salazar. Anayamba kusema munthu womangidwa manja, sipayi ali ndi mbalamatodi, ndi mzungu wonyamulidwa pa macila. Pamenepa zida zinali zao, mtengo unali wao, ndipo zoti aseme anali kusankha okha.

Ufulu, nkhondo ndi mabomba

Pa 25 Junho 1975 dziko lathu linalandira ufulu. Pa 24 Julho caka comweco boma linatenga masukulu ndi zipatala, za mishoni zomwe. Apwitikizi ambiri anacoka, ndipo pakati pao panali amisiri a nchito zamanja. Mabenchi anatsala, koma odziwa kuwagwiritsa nchito anali ocepa, ndipo zida zikatha kunalibe kogula zina. Makoperativa a osema anapitiriza. Ku Nampula osema a Cimakonde anapeza malo kuseri kwa nyumba yosungiramo za cikhalidwe, imene inatsegulidwa mu 1956. Kumwera kunachuka Alberto Chissano, wobadwa ku Manjacaze mu 1935, amene anagwirapo nchito ku migodi ya Joni asanayambe kusema. Anamwalira mu 1994, ndipo nyumba yake ku Matola inasanduka malo oonetsera zosema zake.

Kenaka inadza nkhondo ya zaka 16. Ife a ku Tete ndi a ku Niassa tikuidziwa. Midzi inatenthedwa, masukulu ndi nyumba za amisiri zinapasulidwa. Anthu pafupifupi miliyoni imodzi anathawira ku Malawi. Munthu wothawa sanyamula benchi, koma sompho amalowa m'thumba. M'misasa ya othawa nkhondo amisiri athu anali kusema mitondo, mipini ndi mipando yaing'ono atakhala pansi, monga makolo ao, nasinthanitsa ndi ufa. Mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Outubro 1992.

Nkhondo inatha, koma inasiya mabomba okwirira m'njira, m'minda ndi m'mbali mwa zitsime. Nchito yowacotsa inatenga zaka zoposa 20, ndipo mu 2015 boma linalengeza kuti minda yonse yodziwika ya mabomba yayeretsedwa. Pofika nthawi imeneyo anthu ambiri anali atataya mwendo. Munthu wotere kulima kumamuvuta, koma manja ake ndi amphamvu ndipo angathe kusema. Cimene sangathe ndi kuponda mtengo ndi phazi monga anali kucitira makolo. Kwa iye benchi si cinthu ca ulemu cabe. Ndilo limamubwezera nchito.

Ku Cabo Delgado mavuto anabweranso. Kuyambira Outubro 2017 zigawenga zakhala zikuukira midzi, ndipo mu 2020 zinaononga mishoni ya Nangololo. Mabanja ambiri a Cimakonde anathawa kwao. Mu 2023 UNESCO inaika gule wa mapiko pa mndandanda wa miyambo yofunika kuiteteza msanga.

Mitengo yaikulu yapita

Pali cinthu cina cimene casintha, ndipo ici cikukhudza mmisiri aliyense. Tanena kuti mtengo waukulu umadzigwira wokha. Koma mitengo yaikulu ili kuti lero? Tonse tinaona malole odzaza zipika za mlombwa, za msambamfumu ndi za phingo akutsika m'miseu yathu kupita ku madoko a Beira, Nacala ndi Pemba. Zambiri zinali kupita ku China. Bungwe lina lofufuza za cilengedwe, Environmental Investigation Agency, linapeza kuti pa mitengo 100 iliyonse yodulidwa m'Moçambique mu 2013, yokwana 93 inadulidwa mosatsata lamulo. Kuyambira 2017 lamulo linaletsa kutumiza kunja zipika zosaceka. M'caka comweco phingo linalowa pa mndandanda wa mitengo imene malonda ake pakati pa maiko amafuna cilolezo, pakuti ku Ulaya amalifunanso popangira zitoliro zoimbira. Phingo limatenga zaka 70 kapena kuposa kuti lifike podula. Limene tidula ife lero linamera agogo athu ali ana.

Tsono mmisiri wa lero amasema nthambi, zidutswa ndi zotsala za oceka matabwa. Ogula naonso amafuna zinthu zazing'ono: masupuni, zipeso, mbale, timitanda, timatabwa ta zithunzi ndi maluwa a pa citseko. Kacidutswa kotere n'kopepuka. Ukakagwira ndi dzanja lamanzere, chizulo cikaterereka cimalowa m'cikhato. Ukakaika pa nchafu, ngozi ndi yaikulu kuposa pamenepo, pakuti m'nchafu muli mtsempha waukulu wa magazi. Yang'anani manja a osema okalamba, muwerenge zipsera. Kuwerama tsiku lonse kumathyola msana, ndipo nthawi ya dzinja pansi pamakhala matope. Njira ya makolo inali yoyenera mitengo ya makolo. Zidutswa za lero zimafuna benchi.

Benchi lathu

Sitifunika kudikira benchi la ku sitolo, kapena torno ya ndalama zambiri. Benchi lalifupi lija la Aroma lingapangidwe m'mudzi ndi nkhwangwa, sompho, maceka ndi coboolera, popanda msomali ngakhale umodzi. Amisiri atatu kapena anayi angagwirizane, napanga limodzi loyamba kuti aphunzirirepo.

Tisaononge mlombwa kapena phingo pa benchi. Bulugamu, mango kapena malaina ndi wokwanira, ndipo mtengo wogwa kale ndi wabwino koposa. Ngati tifuna kudula, tiyambe tapempha kwa amfumu ndi kwa oyang'anira nkhalango. Tidule cipika cotalika mita imodzi ndi theka, cosapindika, ndipo ticing'ambe pakati. Mbali yong'ambayo ndiyo pamwamba pa benchi. Mulifupi mukhale masentimita 30, kukhuthala kusacepere masentimita 8. Kulemera ndiko mphamvu ya benchi. Lopepuka limavina pamene tikukhoma, ndipo mphamvu ya nyundo imatayika. Tisalaze pamwambapo ndi sompho. Poyesa, tipake makala pa cingwe, ticikoke kolimba kucokera uku mpaka uko, ndipo ticikwapule. Mzere wakudawo udzationetsa pamene pali cotupa.

Miyendo ndi inayi, yonenepa ngati munsi, ya mtengo wolimba monga muwanga. Miyendo ikhale youma kwambiri kuposa thabwa la pamwamba. Thabwalo likamauma, bowo limacepa nililuma mwendo. Mwendo wauwisi umacita zosiyana: umafota, n'kuyamba kugwedera. Mabowo a miyendo akhale a masentimita 4 kapena 5, ndipo atalikire kumapeto kwa thabwa ndi masentimita 20, kuti lisang'ambike. Tiwaboole mopendeka, kuti miyendo itagadze kunja monga ya mbuzi yokana kukokedwa. Ena amaboola ndi citsulo camoto. Zimatheka, koma tipale makala onse m'bowomo, apo ayi mwendo sugwira.

Apa ndi pamene ambiri amaonongera nchito. Mutu wa mwendo tiuceke pakati pang'ono, tiulowetse m'bowo mpaka utulukire pamwamba, ndipo mu mpata wocekawo tikhomeremo kamtengo kosongoka ngati nkhwangwa, kamene akalipentala amati cunha. Cunha iyenera kukhala mopingasa thabwa. Ikatsata utali wa thabwa imagwira nchito ya nkhwangwa yeniyeni, ndipo benchi lonse limang'ambika pakati. Tikatha, tidule zotulukira pamwamba, tiimike benchi pamalo osalala, ndipo tidule miyendo kuti msinkhu wake ufike m'maondo a mwini wake, masentimita 45 kapena 50.

Tsopano zogwirira mtengo. Tiboole mabowo a masentimita 2 pamwamba pa benchi, m'mizere iwiri, motalikirana cikhato cimodzi. Tiseme zikhomo zolowa m'mabowomo. Cosema cathu cimakhala pakati pa zikhomo ziwiri, ndipo tikakhomera cunha pambali cimagwidwa nji. Tikafuna kucitembenuza, timagogoda cunha cammbuyo. M'mphepete mwa benchi tingaceke mpata wa makona anayi, wolowetsamo thabwa coimirira pamene tikuceka kapena kusema kumutu kwake. Mbale ndi zinthu zozungulira zimakhala bwino pa kathumba ka mcenga. Cinthu cosalala kale ticiyalire cikopa kapena mphira wa chubu, kuti zikhomo zisacisiyire zipsera.

Pali njira inanso yacangu kuposa zonse. Tipise cingwe colimba m'mabowo awiri, cizungulire pamwamba pa cosema, ndipo pansi pa benchi ticimange pa kamtengo kopondapo. Tikaponda, cingwe cimakoka cosemaco pansi. Tikacotsa phazi, cimamasuka. Mnzathu amene alibe mwendo wopondera angapotokole cingweco ndi kamtengo, n'kukakoleka pa mwendo wa benchi.

Amene amasema zitseko ndi kupala matabwa aatali adzafuna benchi la ciimire. Msinkhu wake uyesedwe pa thupi la mmisiri: aime, agwetse manja, ndipo pamwamba pa benchi pafike pa mfundo ya dzanja. M'mudzi njira yosavuta ndi kukumbira mizati inayi pansi ndi kusanja matabwa okhuthala pamwamba. Torno ingadzabwere pambuyo, gulu likagulitsa zosema zoyamba.

Mdani wa benchi ndi ciswe ndi mvula. Benchi lalifupi likhale pa cisakasa, mwendo uliwonse pa mwala wathyathyathya. Mizati yokumbira tiiwaule pamoto ndi kuipaka oyilo wakutha wa galimoto tisanaikwirire. Madzulo tisese zipalapala zonse, pakuti ciswe cimayambira m'menemo. Pakapita miyezi iwiri kapena itatu thabwa lidzakhala litayamba kuuma. Pamenepo tiyesenso pamwamba ndi cingwe ca makala, tisalaze pamene papindika, ndipo tikhomerenso cunha ya mwendo uliwonse.